Ndalama Zopunduka M'mbale ya Malowolo

Pulani yonse inabadwira m'chidebe cha masese pa bawa ya m'komboni ku Mvuma, Loweruka lina masana, nkhondo ili mkati. Amene anaibereka ndi achimwene anga a Gadi, omwe anzawo ankawatcha Jenerali ngakhale kuti chibadwire sanalamulepo ndi nkhuku yomwe. Ine nthawiyo ndinali ku Gwelo, ku koleji ya uphunzitsi imene sindinaimalize. Nkhaniyi ndinaimva bwinobwino pamaliro awo, thanthwe la mumgodi litawagwera. Anandisimbira ndi a Tickey, akuseka mpaka kugwa pabenchi, misozi ili chuchuchu, ndipo palibe amene anafunsa kuti misoziyo inali ya chiyani.

Pa bawa paja anakhala anayi. Jenerali pakati, chipewa atachipendeketsa. Kumanja kwawo a Tickey, bambo wa imvi koma wochepa ngati kandalama kamene anatengerako dzina, wodula mipanda ya maluwa kumayadi a azungu. Kumanzere Matiyasi, wotchedwa Hamala, wothandiza amakaniko a pamgodi, munthu wokhulupirira kuti palibe chinthu padziko chimene nyundo singachikonze. Wotsiriza anali Nehemiya Pikicha, wolemba zikwangwani za magolosale ndi mayina a mabasi, amene ankayenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kukasamba.

Chimene chinkawadya moyo Jenerali ndi Noria, mwana wa a Mudzingwa, Mshona wa kulokesheni. Awiriwa ankakondana moti akakumana pampopi, ndowa inkasefukira mpaka madzi kufika mumsewu. Koma kwathu munthu amakwatira ndi nkhoswe ndi kankhuku, pomwe kwa Ashona amafuna roora, malowolo enieni, oika m'mbale anthu akuona. Ndiponso a Mudzingwa ananena poyera kuti Mnyasa, munthu wochokera kwathu ngati ife, alibe ng'ombe, alibe munda, alibe manda a makolo m'dziko muno. Chimene ali nacho ndi mankhwala basi. Anati mbale ikakhala yopanda kanthu mpaka mvula yoyamba, Noria apita kwa mwini chigayo wa ku Chirumhanzu, nkhalamba ya mitala yotafunira mbali imodzi.

"Amuna inu," anatero Jenerali akupukuta masese pandevu, "a Tickey aona masomphenya. Nenani, mudhara."

A Tickey anayang'ana uku ndi uku, n'kuweramira m'chidebe ngati akuuza masesewo.

"Kwa Bwana Magalasi, uja woyeza miyala ya golide pamgodi. Ndimadula mpanda kuseri, ndiye ndinasuzumira pawindo. Amuna anzanga, ndalama pakhoma."

"Pakhoma?" anafunsa Nehemiya.

"Pakhoma, shamwari! M'mafelemu, ngati zithunzi za ukwati. Zachitsulo, zapepala, chipinda chonse mbwee. Akaweruka amakhala pampando ndi galasi lake lokulitsa zinthu, n'kumaziyang'ana imodziimodzi, akumwetulira ngati mnyamata wolandira kalata ya chibwenzi."

Matiyasi anamenya tebulo, chidebe chinadumpha.

"Ndalama yopachika pakhoma ndi ndalama yosowa ntchito. Kuipezera ntchito si kuba."

"Mwamva mawu a m'Baibulo amenewo?" anatero Jenerali. "Tsono mverani. Azungu onse pano akukhoma sefa wawaya m'mawindo kuopa mabomba a anyamata a kutchire. Loweruka likubwerali Bwana Magalasi ali ku kolapu, kumene azungu amaitanidwa kukagwira usilikali, akaperekeza magalimoto ndi mfuti pamsewu wa ku Fort Victoria. Dona ali kwa m'bale wake ku Gwelo. Panyumba patsala khukhi. Ife tivala maovololo, tinyamula makwerero ndi sefa, tikati bwana ndi amene watituma. Masana dzuwa likuswa mtengo. Mbava yausiku ndi yosaphunzira."

"Nanga khukhi akakayika?"

"A Tickey atiikira umboni. Amadziwana."

Onse anavomereza kuti imeneyo ndiyo nzeru ya pulani yonse. Palibe amene anaima kuganiza kuti khukhi wodziwa a Tickey amadziwanso nyumba yawo, mpingo wawo ndi dzina la galu wawo. Anaitanitsa chidebe china, n'kuyamba kukangana za mtundu wa suti imene Jenerali adzavale paukwati.

Loweruka lija anafika pachipata ali ndawala, makwerero paphewa, sefa atamukulunga ngati mphasa. Sefayo anali wa khola la nkhuku za abusa, ndipo anali adakali ndi nthenga. Khukhi, nkhalamba yaulemu ya apuloni yoyera, anawalandira ndi manja awiri.

"Mwachita bwino kubwera. Dona sagona tulo ndi mawindo amenewa. Yambani, ine ndikuikireni tiyi."

Jenerali anatsinzinira anzawo diso. Anazungulira kuseri, Matiyasi anatsegula windo ndi chitsulo, Jenerali analowa chamutu, miyendo ikupalasa m'mwamba. Atadzuka anaona khoma, n'kuvula chipewa ngati alowa m'tchalitchi. A Tickey sananame. Anayamba kutsitsa mafelemu, kupatsira Nehemiya panja, Nehemiya n'kumaponya m'thumba la simenti. Zonse zinayenda ngati sitima ya pa Somabhula, mpaka Jenerali anatembenukira ku khoma lakutali kukatsitsa felemu lomaliza.

Kumbuyo kwawo kunamveka kho! kho! kho!

Matiyasi anali munthu wosapirira kuona windo lili pululu, sefa ali pafupi, misomali ili m'thumba. Pamene Jenerali ankacheuka n'kuti wakhoma kale mbali zonse, ndipo akupinda nsonga za waya kuti zisabaye munthu.

"Hamala! Wachita chiyani?"

"Ntchito, Jenerali. Apa bomba silingalowe."

"Nanga ine ndituluka bwanji?"

Matiyasi anakanda mutu ndi nyundo.

"Zotuluka simunanene pa pulani ija."

"Zula!"

"Aikona. Ntchito yanga sizulidwa. Funsani aliyense pamgodi."

Jenerali anamutukwana chonong'ona, kuyambira iye mpaka agogo ake a ku Dedza. Kenaka, posowa chochita, anagwira chitseko cha chipindacho. Chinatseguka. Sichinakiyidwepo chimangire nyumbayo. Anabisa felemu m'kati mwa ovololo, n'kuyenda chonyang'ama m'khonde la m'nyumba, ndipo pokhota anangoti gululu ndi khukhi atanyamula thireyi.

Anayang'anana.

"Ndimayesa sefa chamkati," anatero Jenerali.

"Ndi mmene amachitira amisiri enieni," anayankha khukhi. "Shuga ndithire wambiri?"

Anamwa tiyi pakapinga, ndi buledi wopaka jamu, thumba la simenti a Tickey atalikhalira. Khukhi anapita kukaona windo lija, anabwera akugwedeza mutu ndi chisangalalo, n'kupempha kuti amukhomerenso la kukhitchini, poti iyenso ali ndi ana. Jenerali ankafuna kukana, koma Matiyasi anali atanyamula kale makwerero. Atatha la kukhitchini anaona kuti la kubafa likuoneka lamasiye. Anachoka dzuwa litapendeka, manja ali matuza okhaokha, atasiya nyumba yotetezeka kuposa zonse m'Mvuma. Khukhi anawaperekeza mpaka pachipata.

"Mupereke moni kwa amayi kunyumba, a Tickey!"

M'mawa mwake, anthu abwino ali kutchalitchi, anayiwa anakumana patsinde pa chumuni chachitali cha mgodi wakale, paudzu pomwe sipafika munthu. Anaswa mafelemu, n'kukhuthulira chuma chawo pa jekete la Jenerali. Nehemiya anayamba kuvina. Kenaka a Tickey anatola kobidi limodzi, analitembenuza, analitembenuzanso.

"Jenerali, ili lilibe nkhope."

"Latha ndi kuyenda m'manja."

"Ayi, n'latsopano. Kungoti kuseri kuli see, ngati chipumi cha Hamala."

Jenerali anatola lina. Mphalapala ya pakobidipo inali itatsetserekera m'mphepete, mutu kunja, pakati patatsala matako okha. Lina linali lolumidwa m'mbali ngati chitumbuwa cha mwana. Lina mfumukazi inali ndi mphuno ziwiri. Anathamangira zapepala: iyi yodulidwa mokhota mpaka kutengako chidutswa cha inzake, iyo yopanda manambala, zingapo kutsogolo zokongola bwinobwino koma kumbuyo zoyera ngati pepala la m'kope. M'mulu wonsewo munalibe ndalama ndi imodzi yomwe yolongosoka.

Nehemiya anasiya kuvina mwendo uli m'mwamba.

"Mzungu wakuba uyu!" anakuwa Jenerali. "Watigwiritsa ntchito tsiku lathunthu, n'kutilipira zinyalala!"

"Ndi masankishoni," anatero a Tickey mwaukatswiri. "Mayiko atitsekera malonda. Petulo kulibe, ndiye inki ipezeka? Boma likusindikiza mbali imodzi, inayo mudzajambule nokha."

Apa ndikuuzeni chimene anayiwa sankadziwa. Kumene amasula makobidi ndi kusindikiza ndalama zapepala, makina nawo amaledzera nthawi zina. Kobidi limalowa chopendekera, chidindo n'kulimenya pambali. Lina limamenyedwa kawiri, lina mbali imodzi yokha. Pepala limapindika, kapena limadutsa inki osalikhudza. Zoterezi zimayenera kuwonongedwa zisanatuluke, koma imodziimodzi imazemba. Ndiye pali anthu padziko, Bwana Magalasi mmodzi wa iwo, amene amasaka zozembazo ngati alenje, n'kumagula kobidi limodzi lopunduka pamtengo wa ng'ombe. Likapunduka kwambiri, mtengonso umakwera. Ndi mmene dziko lilili. Ndalama ikabadwa yolumala amaiika m'felemu. Munthu akalumala mumgodi amamuika m'sitima yobwerera kwawo.

Kunena zoona, pajekete paja panali malowolo a Noria, a mng'ono wake, ndi a atsikana onse a mumzere wa nyumba zawo. Chinkafunika n'kungozisiya mmene zinalili.

"Musalire, Jenerali," anatero Matiyasi akutulutsa nyundo. "Izi n'zokonzeka."

Anakoka chidutswa cha njanji m'maudzu n'kuyamba ntchito. Lopindika analiwongola. Lolumidwa analizungulira ndi tupa mpaka linabulungira bwino, kungoti linachepa ngati batani la malaya. Mfumukazi anaichotsa mphuno imodzi, ndipo dzanja litapitirira, inatsala yopanda mphuno. Lopanda nkhope analigoneka panjanji, anasanjikapo kobidi labwino la m'thumba mwake, n'kumenya kamodzi, phaa! Nkhope inatuluka ndithu, koma yolowa m'kati, zilembo zikuyenda chobwerera m'mbuyo.

"Zimawerengeka pagalasi," anatero Matiyasi. "Nyumba iliyonse ili ndi galasi."

Pepala lina linali ndi khutu, kachidutswa kowonjezera kopindika pakona, kamene Bwana Magalasi ankakakonda kuposa dona wake. A Tickey anakadula ndi sizasi ya mpanda. Kenaka anakwecha makobidi onse ndi phulusa ndi mandimu mpaka anawala ngati mano oikirira a m'botolo.

Ntchito yaikulu inagwera Nehemiya, yodzaza mapepala oyera kumbuyo aja. Vuto linali lakuti anali a ndalama zikuluzikulu, ndipo mwa anayiwa panalibe amene ndalama yotero inagonapo m'thumba mwake.

"Ndinaionapo ku butchala, mzungu akulipira," anatero a Tickey. "Kuli mkango."

"Wogona kapena woima?"

"Sindinaufunse."

Nehemiya anali asanaonepo mkango, ndipo anati mmisiri sajambula chinthu chosaona. Choncho Matiyasi anagwada n'kugwira pansi ndi manja, anamuveka udzu m'khosi, n'kumuuza kuti ayasamule mwaukali. Anakhala choncho mpaka nsagwada zinauma. Chimene chinatuluka papepala chinali ndi mchira wa mkango, inde, ndi zikhadabo, koma makutu otambalala, mpata wa pamano ndi chipumi zinali za Matiyasi, mwakuti mayi ake akanachipatsa moni. Papepala lachiwiri Nehemiya anati watopa ndi zinyama, ndipo anajambula chimene ankachidziwa bwino: basi, yodzaza anthu, njinga ndi nkhuku pamwamba.

Jenerali anayang'ana ntchito yonseyo, maso ali ndi misozi.

"Amuna inu, boma likanakhala ndi nzeru likanakulembani ntchito."

Akuti tsiku limene Bwana Magalasi anadzazionanso ndalama zakezo, anavula magalasi, anakhala pansi pasimenti, n'kulira mokweza ngati wamasiye. Koma tisafulumire.

Loweruka lotsatira, chakum'mawa dzuwa litakwera, nyumba ya a Mudzingwa inadzaza. Mwini nyumba anakhala pampando wandalema, nkhope ili gwa. Pamphasa panali tete Estere, mlongo wawo, mayi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, amene liwu lake linkamveka kuchokera kulokesheni mpaka kusiteshoni. Pafupi ndi windo panakhala a Gedion, malume ake a Noria, amene kwawo amati sekuru, wapolisi wa pakampu, atavala zakunyumba koma unyolo uli m'thumba monga mwa chizolowezi. Ameneyu ankadzitama pa bawa kuti iye anyamata a kutchire amawadya ndi mchere.

Pamwambo wawo mkamwini salowa, amadikira panja mpaka aitanidwe. Choncho Jenerali anaima pansi pa mtengo wa mabulosi, atavala tayi, akusinthasintha miyendo. M'nyumba munalowa a Tickey ngati munyai, ndiye kuti nkhoswe yolankhulira mkamwini, m'suti yobwereka imene manja ake ankapitirira zala. Matiyasi ndi Nehemiya anakhala kumbuyo kwawo monga abale.

A Tickey anaomba m'manja, koma chifukwa cha suti kunangomveka phuphuphu. Analankhula Chishona chawo chokhota, mbale yamtengo inaikidwa pakati, ndipo anaponyamo kobidi loyamba, lotsegulira pakamwa pa apongozi.

A Mudzingwa analitola. Analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, analizondotsa.

"Ndalama iyi ikuwerengeka chobwerera," anatero.

"N'zatsopano, baba," anayankha a Tickey. "Za nthawi ya nkhondo. Kuti adani asawerenge."

Pofuna kuti nkhani ipite patsogolo, anakhuthula zonse nthawi imodzi. Mbale inadzaza, ikuwala. M'nyumba munamveka kung'ung'udza kwa ulemu. Tete Estere anasendera pafupi akumwetulira, anatola kobidi longa batani, kumwetulira kunachepa. Anatola la mfumukazi yopanda mphuno, kunatheratu. Kenaka anatola pepala n'kulitembenuza.

Anayang'ana mkango. Anakweza maso, anayang'ana Matiyasi. Anabwereranso pamkango. Matiyasi, pofuna kuonetsa ulemu, anamwetulira, mpata wa pamano uli poyera.

"Maiwe zvangu!" Tete anaponya pepala m'mwamba. "Chikwambo! Ndalama za chikwambo!"

Chikwambo, kwa amene simukudziwa, ndi ndondocha ya kuno: kanthu kamene munthu amaweta kuti kazimubweretsera ndalama, malipiro ake kakumwa magazi a mkazi ndi ana a m'nyumba.

"Onani nkhope yake pandalama! Ndipo chabwera chokha, icho chakhala apocho, chavala jekete!"

"Ine?" anatero Matiyasi akudziloza.

"Chikulankhula!"

Munthu woyamba kutuluka anali a Gedion, wodya anyamata a kutchire ndi mchere. Anadutsa pawindo osakhudza felemu. Azibale ena anapanikizana pakhomo, wina anayamba nyimbo ya maliro, tete anakwera patebulo akuitana angelo mayina. Mwana wina anatola pepala lachiwiri, anafuula kuti pali basi n'kuliponyanso m'mbale, tete n'kuti imeneyo ndiyo yodzatenga banja lonse kupita nalo kumanda. A Mudzingwa anaimirira pampando wawo.

"Ndinanena ine! Ndinanena kuti Manyasa ndi mankhwala! Tolani zinthu zanuzo, musasiye ndi imodzi yomwe, muzipita! Sitinakuoneni, simunatione. Mwana wanga sadzadyedwa ndi muroyi!"

Tsono taonani mwayi umene mbava imaupeza kamodzi pamoyo. Panalibe munthu wofuna kukhudza ndalamazo, wapolisi anali kuseri kwa chimbudzi akupemphera, ndipo mwini nyumba ankawapempha kuti anyamule umboni wonse azipita. A Tickey anaona chitseko chili pululu, anayamba kuwolera makobidi m'chipewa, akunong'oneza anzawo kuti tiyeni.

Koma pansi pa mabulosi paja Jenerali anali atamva mawu akuti muroyi, mfiti. Anamvanso kukhitchini Noria akulira, kulira kwa munthu amene wayamba kukhulupirira.

Analowa ndi nsapato zomwe, osaomba m'manja, osagwada.

"Ndani mfiti? Baba, ndani mfiti? Ine mwana wa Mkhristu, wobatizidwa, bambo anga anafera mumgodi uno akuimba nyimbo za Mulungu! Chikwambo ndichitenga kuti, chidya chiyani kwanga, poti nanenso ndimagona ndi njala?"

"Jenerali," ananong'ona a Tickey akuwakoka thalauza, "tiyeni, nkhani yatha bwino."

"Sinathe! Noria, tuluka umve! Ndalama izi si za ufiti. N'zakuba! Zakuba bwinobwino, ndi manja awa, masana, kwa Bwana Magalasi! Funsani khukhi wake, anatipatsa tiyi!"

A Tickey anakhala pansi n'kuvala chipewa, makobidi ali momwemo.

"Akunama," anatero tete ali patebulo. "Ndalama ya mzungu ingakhale yopanda mphuno?"

"Mphunoyo ndinachotsa ndine, mayi," anatero Matiyasi atakhumudwa. "Zinali ziwiri. Mukanaziona mmene zinalili tisanazikonze, bwenzi mukundithokoza."

"Nanga chinyama ichi?"

Apa Nehemiya anaimirira, pensulo ili kukhutu.

"Mayi, ndapirira mokwanira. Umenewo ndi mkango. Ndajambula zikwangwani kuchokera kuno mpaka ku Makwasha, palibe anandinyozapo chonchi. Hamala, gwada uwaonetse."

Matiyasi anagwada, anagwira pansi, anayasamula. Tete anayang'ana pepala, anayang'ana munthu, n'kutsika patebulo pang'onopang'ono.

Pawindo panatulukira mutu wa a Gedion.

"Mukwasha," anatero mwaulemu, poti ndi mmene amaitanira mkamwini, "tabwerezani pamene munati kwa Bwana Magalasi. Kukampu takhala tikufunafuna a Tickey sabata yonse, koma tinkapita kwawo iwo ali kokayesa suti."

Jenerali anabwereza zonse, mwadongosolo, akuwonjezera ndi za sefa wa abusa zimene palibe anawafunsa. Wapolisi analowera pakhomo tsopano, chifuwa chili patsogolo, unyolo ukulira m'manja.

A Mudzingwa anatsika pampando, anayandikira, n'kuwayang'ana Jenerali m'maso.

"Mukulumbira kuti ndinu mbava?"

"Pali malemu bambo anga."

"Mbava chabe? Yopanda chowonjezera?"

"Chabe, baba."

Mkuluyo anapuma mpweya wautali, n'kukhala pansi ngati munthu amene dokotala wamuuza kuti chotupa chija ndi chithupsa.

"Mwari ngaakudzwe, Mulungu alemekezeke. Ndende ili ndi chitseko chotulukira, ufiti ulibe." Kenaka anakumbukira kuti ndi bambo wa mwana wamkazi, nkhope inaumanso. "Komabe mbale yanga ilibe kanthu. Zakuba si roora. Noria apita ku chigayo."

Nthawi yonseyi Noria anali ataima pakhomo la kukhitchini, maso ofiira. Pamwambo wa kwawo, mtsikana akavomera mwamuna amagwada n'kutola ndalama m'mbale ndi dzanja lake, abale akuona, ndipo chatoledwa chatoledwa. M'mbale muja munali mutatsala pepala limodzi limene a Tickey sanaliwole, lija la basi. Noria anadutsa pakati pa anthu, anagwada, anaomba m'manja bwinobwino, analitola, analipinda, n'kulilowetsa m'kamisolo.

"Noria!" anakuwa bambo ake. "N'zakuba zimenezo!"

"Ndamva, baba. Aba chifukwa cha ine. Wa chigayo uja sanandibweretserepo ndi gaga yemwe."

"Bweza, muzukuru," anatero a Gedion, poti kwawo ndi mmene malume amaitanira mwana wa mlongo wake. "Umenewo ndi umboni wa boma."

"Bwerani mudzautenge, sekuru."

A Gedion anayang'ana pamene umboni unali, anayang'ana denga, n'kunena kuti umboni wotsalawo ndi wokwanira. Tete Estere, amene mphindi zapitazo ankaitana angelo, anaona kuti mwana watola pamaso pa anthu ndipo mwambo ndi mwambo. Anakweza mutu n'kuimba nthungululu yoti inamveka mpaka kusiteshoni. A Mudzingwa anangopempha madzi akumwa.

Unyolo unali umodzi, choncho unapita kwa Jenerali monga mkulu wa gulu. Enawo anawamanga ndi mphira wa njinga, a Tickey pakati, suti ikukwekwereza pansi. Anthu a mulokesheni atamva nthungululu anatuluka, anaona mwamuna wa tayi akuyenda patsogolo manja ali m'mwamba, akuseka ndi mano onse, akuuza aliyense kuti "Wandivomera! Watola!" Anaganiza kuti ndi ukwati, ndipo anayamba kutsatira akuimba. Pofika pachipata cha kampu gululo linali ndi ng'oma.

Sajeni wa pakauntala, munthu wotopa ndi dziko, anatseka windo chifukwa cha phokoso, ananyowetsa pensulo palilime, n'kufunsa dzina, mtundu ndi ntchito. Kenaka, osakweza mutu, anati:

"Uli pabanja?"

Achimwene anga anawongola tayi ndi manja onse awiri, unyolo ukulira.

"Lembani kuti inde, bwana. Kuyambira lero."